Chipewa cha ku Joni

1. Ulusi Wophatikiza Pawiri

Munthu wa ku Nkhata Bay akakuuzani kuti kwazizira, musathamangire kukagula jekete. Kuzizira kwa kuno n'kwa m'mamawa basi. Ikamakwana teni koloko thukuta limakhala litayamba kale kuyenda pamsana, ngakhale mu Juni. Ndiye aliyense wamaso akanadabwa kuona Tryphena Chirwa, mtsikana wa Folomu 2, atabisala kuseri kwa nyumba yawo ya ku Chikale akuluka chipewa chokhuthala ngati bulangete.

Ulusi unali wabuluu, ndipo anauphatikiza pawiri. Singano zolukira zinali za malemu amayi ake. M'munsi mwa chipewacho analuka mpendero wautali, woti uzipindidwa n'kuphimba makutu onse. Zala zinkayenda, koma maso anali kunjira, kuopa kuti bambo ake angatulukire.

Chipewacho chinali cha mlongo wake wamkulu, Chawanangwa, wa Folomu 4. Mayeso ake a boma anali atatsala milungu itatu yokha kuti ayambe.

Nkhaniyi inayamba Lamlungu, akuchokera kutchalitchi. Chawanangwa anachedwetsa mapazi mpaka bambo awo, amene anawo ankawatchula kuti Ada, atapita patsogolo, kenako anamugwira Tryphena pamkono.

"Iwe, ndikufuna undilukire chipewa chotentha kwambiri. Chikhale chitatha pofika Lachisanu usiku."

"Chipewa chotentha kuno? Mukufuna kuphika mutu, achimwene?"

Chawanangwa sanaseke. "Loweruka m'mawa ndikupita ku Joni. Mayeso oyeserera aja ndalakwa, Tryphena. Masamu ndalakwa, sayansi ndalakwa, ndakhoza Chichewa chokha. Pepala la zotsatira ndinaling'amba. Ada akadziwa ndiwayang'ana ndi nkhope iti? Anzanga anapita chaka chatha, taona zithunzi zawo pafoni, majekete okhaokha. Eric, dalaivala wa lole uja, akuti atitenga anyamata asanu. Pasipoti akuti siikufunika."

Anamupatsa kapepala kolembedwa nambala ya foni. Anati Eric amasonkhanitsa mafoni onse ulendo usanayambe, choncho nambala ya munthu wokawalandira ku Joni iyenera kubisidwa pamalo osaoneka. Tryphena anayenera kukasokerera m'kati mwa mpendero wa chipewa.

"Lumbira pa dzina la malemu Ama kuti suuza munthu."

Tryphena analumbira. Abale, pakamwa pa mwana pamathamanga kuposa mutu wake! Kuyambira tsiku limenelo chakudya chinasiya kumukomera, ndipo m'kalasi aphunzitsi ankachita kumuitana kawiri asanayankhe.

2. Pakhonde la Ankhazi

Lachisanu masana, atangoweruka kusukulu, ulusi unamuthera. Kapepala kaja anali atasokerera kale mumpendero, koma pamwamba pa chipewa panali pasanatsekeke, ndipo singano zinali zidakali momwemo. M'tauni monse ulusi wa mtundu umenewo unkapezeka pamalo amodzi okha: pakhonde la azakhali ake, mlongo wa bambo ake, amene ankasoka zovala ndi kugulitsa ulusi pafupi ndi msika. Ana onse a pabanjapo ankawatchula kuti Ankhazi, ndipo ankawaopa kuposa ahedi.

Tryphena anaika chipewa m'chikwama cha mabuku n'kuuyamba wa kumsika.

"Odi, Ankhazi. Ndikufuna ulusi wabuluu umodzi."

Ankhazi anaimitsa makina osokera n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Lolemba unatenga iwiri. Iwiri ija imakwana chipewa ndi masokosi a mwana. Ukuluka chiyani, neti ya usipa? Tandionetsa."

"Ndi kachipewa chabe, Ankhazi. Ka Ada, kovala akamapita ku Mzuzu."

"Ndati tandionetsa."

Panalibe kothawira. Ndi Ankhazi omwewo amene anamuphunzitsa kugwira singano amayi ake atamwalira. Analandira chipewacho, nachitembenuza uku ndi uku, kenako nalowetsa zibakera zawo ziwiri m'kati n'kuchitambasula.

"Mutu wa bambo ako ndimaudziwa kuyambira ali mwana. Ndi chimutu choti chipewa ichi chingangokhala pamwamba ngati chivundikiro cha poto. Limenelo ndi bodza loyamba." Anapapasa mizere ndi chala. "Taona apa. Mizere yoyamba waluka bwino, yomasuka. Kuyambira apa wamangitsa ngati ukumanga mbuzi. Dzanja la munthu wamantha limamangitsa ulusi, mwana iwe. Ndinakuuza kalekale."

Tryphena anayang'ana pansi.

Zala za Ankhazi zinatsika mpaka pampendero. Zinayenda pang'onopang'ono, kenako zinaima. M'katimo kapepala kanalira kuti tswa.

Ankhazi atayambanso kulankhula, mawu awo anali otsika.

"Khala pampandopo."

3. Mawu a Ankhazi

"Chipewa ichi si cha ku Nkhata Bay," anatero Ankhazi. "Si cha ku Mzuzu. Ngakhale ku Chikangawa, kumene nkhungu imagona pamsewu, saphatikiza ulusi pawiri. Ichi ndi chipewa cha ku Joni. Ukuganiza kuti nzeru yosokerera pepala mumpendero yayamba ndi iwe? Amayi athu ankasokerera maadiresi m'zipewa za amuna awo opita kumigodi. Inenso ndinasokererapo.

"Unali usanabadwe. Amuna anga a Macpherson ndinawalukira chipewa chofanana ndi chimenechi, chofiira. Ndinaluka ndikuimba, poti ankati akabwera adzamanga nyumba ya malata pa Mwaya. Anapita ndi pasipoti, masana dzuwa likuswa mtengo, mbumba yonse itawaperekeza kudepoti. Analemba makalata zaka zitatu. Chaka chachinayi, zii. Lero ndi zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi chimodzi. Kaya ali moyo, kaya anafa, sindikudziwa. Anthu amangoti ndi mtchona, munthu wotayikira kunja. Ine si mkazi wamasiye, si mkazi wapabanja. Maliro sindinalire, chifukwa mtembo sindinauone.

"Tsono amenewo anapita mudzi wonse ukudziwa, ndipo anasowabe. Nanga wopita mobisa, wopanda pepala lililonse, akasowa mudzakamufunsa kwa ndani? Mudzati anakwera galimoto iti? Sindikuti aliyense wopita ku Joni amatayika, ayi. Nyumba zambiri za m'tauni muno zinamangidwa ndi thukuta la kumeneko. Koma njira yabwino siyendedwa chobisalira makolo. Munthu akamakuuza kuti usauze abale ako, dziwa kuti pali chimene akuopa kuti abale akowo achiona."

Misozi inayamba kulengeza m'maso mwa Tryphena. "Akuti mafoni amasonkhanitsa chifukwa cha apolisi a panjira."

"Kalanga ine! Mpaka mafoni?" Ankhazi anaomba m'manja kamodzi. "Wokulanda foni wakulanda pakamwa. Ukadzalira, adzakumva ndani? Ndiuze, chipewachi n'cha ndani? Mutu uwu ndi wa mnyamata. Ndi Chawanangwa?"

"Ndinalumbira, Ankhazi. Ndinalumbira pa dzina la Ama."

"Ndiye wandiyankha kale. Akunyamuka liti?"

Tryphena anapukusa mutu.

Ankhazi anapuma mozama. "Mvera kuno. Amayi ako ndinawadziwa kuposa iwe. Mayi ameneyo ankayenda pansi kuchokera ku Chikale kukagulitsa mandasi padoko kuti mnyamata ameneyu apeze nsapato za kusukulu. Ukuganiza kuti dzina lake lingakhale loko wotsekera pakamwa pako mwana wake akukalowa m'dzenje? Lumbiro loteteza choipa si lumbiro, ndi msampha. Ndikudziwa kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo kuneneza mlongo wako n'kowawa. Adzakuda, mwina mwezi, mwina chaka. Koma kuli bwino akude ali pakhomo kusiyana n'kuti azikukonda ali kosadziwika."

Anatenga ulusi wabuluu pashelefu n'kuuponya pamiyendo ya Tryphena pamodzi ndi chipewa.

"Tenga. Ine ndili ndi diresi la ukwati wa mawa pamakinapa, mwiniwake akubwera faifi koloko. Akangolitenga ndikutseka, ndikupita kwa bambo ako. Koma ndikufuna akamve kuchokera pakamwa pako, osati panga. Pita padoko pompano. Usati mawa, usati madzulo. Pakadafunda padajiwitsa galu."

"Yewo, Ankhazi," anatero Tryphena ndi mawu osamveka bwino.

Atafika pamsewu anaima. Kumanzere kunali njira ya kudoko, kumene bambo ake ankagwira ntchito ya ukalaliki. Kumanja kunali njira ya ku Chikale. Anadziuza kuti ulendo ndi wa mawa, nthawi idakalipo, ayambe wakamuchonderera yekha Chawanangwa. Anakhotera kumanja. Apa ndiye analakwitsa mwanayu, ndipo palibe chifukwa chobisira.

4. Lole Yafulumira

Anapeza chitseko cha nyumba chili pululu. Pabalaza panali Chawanangwa, atavala nsapato zake za kutchalitchi, kachikwama kakuda kali kumsana. Yunifolomu ya sukulu inali itaponyedwa pampando.

"Unali kuti nthawi yonseyi? Ndakufunafuna mpaka kusukulu kwanu! Zasintha. Eric waimba, tikunyamuka lero. Lole yaima kumphambano ya msewu wa ku Chintheche, akuti thu koloko ikakwana sadikira munthu. Bweretsa chipewa."

Tryphena anayang'ana nthawi. Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu.

"Sichinathe, achimwene. Pamwamba sindinatseke."

"Zilibe kanthu, ndikamanga ndi chingwe. Kapepala unaikamo?"

"Ndinaikamo." Anachitulutsa m'chikwama, koma m'malo mochipereka anachikumbatira pachifuwa. "Achimwene, musapite. Mayeso oyeserera si mayeso enieni. Kwatsala milungu itatu. Mukalakwa mudzabwereza, anthu amabwereza. Ada akalipa, inde, koma sangakupheni."

"Wayamba liti kundilangiza iwe? Bweretsa!"

"Eric ameneyo mukumudziwa bwanji? Kwawo n'kuti? Mafoni akulandirani chiyani?"

Chawanangwa anamuyang'anitsitsa. "Amenewo si mawu ako. Wauza ndani?"

"Sindinauze munthu. Ankhazi angochigwira chipewachi n'kudziwa okha."

"Ankhazi! Mwa anthu onse m'tauni muno, wakaonetsa Ankhazi?" Anamenya khoma ndi chikhatho. "Unalumbira pa dzina la Ama, Tryphena!"

"Ama akanakhalapo sakanakulolani."

Mawu amenewo anamulasa. Analumpha n'kugwira chipewa pamwamba, Tryphena atagwiritsa kumpendero. Wina koka, wina koka. Singano imodzi inasololoka n'kugwera pasimenti kuti ngwee, inzake n'kutsatira. Ulusi unayamba kumasuka, mzere ndi mzere, ntchito ya masiku asanu ikuthera m'manja mwa Chawanangwa ngati udzu wa m'madzi. Koma mpendero, mmene munali kapepala, Tryphena sanautaye. Anagwa nawo pansi, naugonera, n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Mayo! Anthu inu, bwerani!"

Kunja galu anayamba kuuwa. Kunyumba yoyandikana nayo chitseko chinatseguka. Nthawi yomweyo foni ya Chawanangwa inalira m'thumba. Anaiyang'ana, nayang'ana mlongo wake ali gone pansi. Kwa kamphindi anaoneka ngati kamnyamata kamene kanalira pamaliro a amayi awo.

"Ndinkayesa uli mbali yanga," anatero. "Khala nacho chipewa chakocho. Nambala Eric ali nayo."

Anataya ulusi uja pansi n'kutuluka chothamanga. Tryphena atafika pakhomo anangoona kachikwama kakuda kakukwera njinga yamoto ya kabaza, fumbi n'kutseka njira.

5. Padoko

Kuchokera ku Chikale kukafika padoko ndi mtunda woti munthu amayenda akucheza. Tryphena anauthamanga wonse, nsapato imodzi itatsala panjira, ulusi wabuluu ukukokeka m'fumbi kumbuyo kwake. Amayi ogulitsa nthochi ankamuitana, iye osacheuka. Anadutsa pakati pa onyamula katundu ndi matumba a usipa mpaka pawindo la ofesi.

Bambo Chirwa anali munthu wosakonda phokoso, wovala tayi ngakhale kutenthe bwanji. Ataona mwana wawo ali wefuwefu, phazi limodzi lopanda nsapato, anaika cholembera pansi n'kutuluka.

"Kwagwanji?"

"Ada, achimwene apita ku Joni. Akwera lole ya munthu wina dzina lake Eric. Yanyamuka thu koloko kumphambano."

Bamboyo anayang'ana wotchi ya pamkono. Inali itapitirira ndi mphindi khumi. Anaimba foni ya Chawanangwa. Inali yothimitsa. Anaimbanso, chimodzimodzi.

Tryphena anafotokoza zonse: za mayeso oyeserera, za pepala long'ambidwa, za anyamata asanu, za mafoni, za mawu a Ankhazi. Sanabise kanthu, ngakhale za kukhotera kumanja kuja.

"Unadziwa liti?"

"Lamlungu, Ada."

"Lamlungu." Bambo Chirwa anakhala pa thumba la chimanga limene linali pafupi. "Masiku asanu takhala tikudyera pamodzi, tikupemphera pamodzi, iwe uli ndi chinthu chotere pamtima. Ukanandiuza Lolemba, bwenzi ndi nkhani ya pabalaza. Ukanandiuza ola lapitali, bwenzi nditakaima kutsogolo kwa loleyo. Mwana wanga, chinsinsi chosunga ndi cha mphatso ya Khirisimasi. Chinsinsi chokhudza moyo wa munthu sichigonetsedwa, ngakhale anakulumbiritsa ndani. Umve zimenezi lero, ndipo usadzaiwale."

Tryphena ankangolira.

Bamboyo anavula magalasi n'kupukuta nkhope. "Koma nanenso ndili ndi mlandu. Mwana wanga waona kuti n'kwapafupi kukwera lole ya munthu wosamudziwa kusiyana n'kundionetsa pepala la masamu. Ndamuopseza kwambiri mnyamata uja." Anamugwira Tryphena paphewa. "Wachedwa, koma wabwera. Lole yake ndi yotani? Nambala yake unaiona?"

"Sindinaione, Ada. Koma ndili ndi ichi."

Anatambasula chimene chinatsala cha chipewa chija. Pamwamba ponse panali pataphwasuka, kungotsala mpendero wopinda, wodetsedwa ndi fumbi. Bambo Chirwa analowa mu ofesi n'kutenga lumo. Tryphena anawalozera pamene anasoka, iwo nadula ulusi mosamala. Kapepala kaja kanagwera m'dzanja lawo.

"Ndi nambala ya munthu wokawalandira ku Joni," anatero Tryphena.

Bambo Chirwa anaiyang'ana nthawi yaitali. "Ya ku Joni? Nambala za ku Joni ndimazidziwa, ndakhala ndikuimbira abale kumeneko zaka zambiri. Iyi ndi ya konkuno ku Malawi."

Anaiimba, nakweza mawu a foni kuti onse awiri amve. Inaitana kamodzi, kawiri, katatu. Kenako kunamveka mawu a mwamuna, okhuthala, olankhula mosafulumira ngati munthu amene akudya.

"Halo? Ndi za katundu wa Eric? Muuzeni kuti ulendo uno asandibweretsere odwaladwala ngati aja. Ndikufuna asanu amphamvu, ogwira khasu. Afike kusanade mawa."

Bambo Chirwa anadula foni. Kapepala kanawapulumuka n'kugwa pansi. Tryphena anakatola.

"Ada, khasu? Achimwene amati akukagwira ntchito m'sitolo."

Bambo ake anamasula tayi, chinthu chimene Tryphena anali asanawaonepo akuchita pagulu, naipinda n'kuiika m'thumba.

"Tiye kupolisi. Loleyo isanafike ku Dwangwa pali malo oposa amodzi pamene angaiimitse. Kapepalako ugwiritse ngati moyo wako. Ndipo ulusiwo kulunga, usautaye. Chipewachi udzachilukanso, mlongo wako adzachivale ali kwawo, ngakhale chimutenthe bwanji."

Anali atangotuluka pageti la padoko pamene foni inalira m'dzanja la Bambo Chirwa. Onse awiri anaima n'kuyang'ana. Inali nambala ya pakapepala ija, ikuimbanso yokha.